Botolo la Maple ku Limphasa

Kwathu ndi ku Limphasa, m'mbali mwa msewu wochokera ku Nkhata Bay kupita ku Chintheche. Anzanga amene munadutsako mukukumbukira dambo lalikulu la mpunga, mitengo ya labala ya ku Vizara yoima m'mizeremizere, ndiponso ana ogulitsa mipira ya labala kwa anthu a m'mabasi. Koma sindikhulupirira kuti mukukumbukira mayi wina wamfupi wokhala patsinde pa mtengo wa mango ndi chidebe choyera cha mandasi. Sindikukuimbani mlandu. Inenso, ngakhale kuti ndi amayi anga ondibala, ndinakwanitsa zaka 21 ndisanawayang'ane bwino. Kwathu ku Utonga amayi timawaitana kuti Ama, ndipo ndiwatchula motero m'nkhani ino.

Chimwalirireni Ada, nyumba yathu yakhala ikuyendera mandasi. Mpunga wa kudambo umabwera pa nyengo yake, chinangwa chimatipatsa kondowole, koma sopo, makope, yunifolomu ndi ndalama ya basi yopitira ku Zomba, zonsezi zimatuluka m'chiwaya. Ama amadzuka tambala woyamba asanalire, nakoleza moto, ndipo pamene anthu akutsikira kudambo ndi makasu, iwo amakhala atafika kale pamtengo wa mango paja. Pa makilogalamu 3 a fulawa amatulutsa mandasi 120. Osati 119. Lina likapserera amalikumbukira mpaka madzulo.

Ndili chaka chachitatu kuno ku Zomba, aphunzitsi athu ena amene anachita maphunziro awo ku Canada anatiitanira kunyumba kwawo ife a m'kalasi mwawo. Titamwa tiyi anatibweretsera mbale ya madonasi achilendo: sanali ozungulira, analibe bowo pakati, koma anali aatali ngati mtanda wa sopo, ndipo pamwamba pake anapakapo zotsekemera zofiirira zonyezimira. Nditaluma, ndinaona ngati ndaluma thonje. Fungo lake silinali la shuga wamba kapena la uchi. Linali ngati la shuga wopserera pang'ono wosakaniza ndi khungwa la mtengo. Aphunzitsiwo anatifotokozera kuti ndi madzi a mtengo wotchedwa maple, umene tsamba lake lili pa mbendera ya Canada kuyambira chaka cha 1965. Chisanu chikamatha, pamene usiku madzi akuundanabe koma masana akusungunuka, alimi amaboola tsinde la mtengowo ndi kutchera madzi ake, kenaka amawawiritsa mpaka atalimba. Pamafunika malita pafupifupi 40 a madziwo kuti papezeke lita imodzi ya manyuchi, ndipo ochuluka a pa dziko lonse amachokera m'chigawo cha Quebec.

Ine ndinakumbukira Asibweni, alongo awo a Ama, amene anakalambira m'munda wa labala, kucheka khungwa m'mamawa ndi kutchera utomoni woyera m'tizikho. Ndinati mumtima, kani kwa azungu nakonso anthu amakama mitengo? Kusiyana kwake n'kwakuti wathu utomoni umathera m'matayala, pomwe wawo umathera m'kamwa. Nditanena zimenezi aphunzitsi anaseka kwambiri, ndipo potsazikana anandipatsa kabotolo kotsala theka pamodzi ndi pepala la kaphikidwe kake. Ndinatuluka m'nyumbamo ndili ndi nzeru imene ndinaiona ngati yakuya. Tinali titangophunzira kumene kuti wamalonda wamng'ono amasauka chifukwa amagulitsa zofanana ndi za mnzake. Pamsewu pathu pali amayi asanu ogulitsa mandasi ofanana. Nanga Ama atayamba kugulitsa zimene wina aliyense alibe?

Ndinafika kwathu mu Okutobala 2024, dzuwa likuswa mtengo. Nthawiyo zinthu zinali zitathina. Mu Novembala 2023 boma linali litatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo popeza tirigu wambiri amene timadya m'dziko muno amachokera kunja, fulawa anakwera mtengo pamodzi ndi mafuta ophikira. Mandasi a Ama anali atachepa msinkhu, koma chiwerengero chinali chomwe chija. Usiku womwewo ndinatulutsa botolo ndi pepala, n'kuyamba kulalikira. Ama anamvetsera akupeta mpunga. Nditamaliza anafunsa funso limodzi lokha.

"Mwanawe, fulawa wake ndi wa yani?"

"Wanu womwewu, Ama. Tsiku limodzi lokha. Muona phindu lake."

Anayang'ana botolo, anayang'ana ine, kenaka anati, "Iwe ndiye wapita kusukulu." Ine ndinamva ngati andivomereza. Lero ndikudziwa kuti mawu aja anali ndi mbali ziwiri.

Pepala lija linkati pa theka la kilogalamu ya fulawa pafunika kapu imodzi ya mkaka, dzira limodzi, masupuni atatu a shuga, masupuni atatu a majarini, timasupuni tiwiri ta yisiti ndi kamchere. Ndinachulukitsa zonse kasanu ndi kamodzi. Mazira 6 ndinatola m'khola la Ama, amene nkhuku inali pafupi kuwafungatira. Mkaka waufa ndi majarini ndinatenga pa ngongole pagolosale, m'dzina la Ama. Lachisanu masana ndinaika mkaka pamoto. Pepala linkati ukhale wofunda, madigiri 40. Chopimira kutentha ndinalibe. Ama anabwera n'kutambasula chala kuti apime, koma ine ndinawaletsa, ati poopa majeremusi. Anabweza chala chawo osanena kanthu. Ndinathira yisiti yense mu mkaka ukutuluka nthunzi, n'kukanda mtandawo m'beseni mpaka manja kuwawa, n'kuvundikira ndi nsalu.

Ola linatha. Maola awiri. Dzuwa linapendeka. Mtanda unangokhala phee pansi pa beseni ngati mwala wa m'nyanja. Zimene ndinalakwitsa ndinkazidziwa bwino lomwe, pakuti tinaphunzira ku sekondale: yisiti ndi chamoyo, kachilombo ka mtundu wa bowa kamene kamadya shuga ndi kutulutsa mpweya, ndipo mpweyawo ukakodwa mu mtanda ndi umene umaufufumitsa. Kutentha kukafika cha m'ma digiri 60, yisiti amafa. Ndinali nditamupha ndi manja anga, ndipo wina kunyumba kunalibe. Kukamugula ku Chintheche usiku umenewo sikukanatheka. M'beseni muja munali mpamba wonse wa Ama.

Sanandikalipire. Ndikanakonda akanatero. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kapu yachitsulo yovundikira ndi mbale, momwe munali kamtanda kowawasa kokula ngati chibakera. Kani chikwerereni mitengo ya zinthu, iwo anayamba kusunga kamtanda ka dzulo kuti azichepetsa yisiti wogula. Anakang'amba tizidutswa, n'kukakandira mu mtanda wanga wakufa uja, akupinda ndi kukankha ndi zikhatho, thupi lonse likuyenda ngati akupalasa bwato. Atatha anavundikira n'kuika beseni pafupi ndi mafuwa.

"Kagone. Chofufumitsa sichifuna kuchiyang'anitsitsa."

Sindinagone. Cha m'ma 3 koloko ndinamva akukoleza moto, ndipo nditavundukula nsalu ndinapeza mtanda utadzaza beseni, wofewa, ukapanikiza ndi chala ukubwerera pang'onopang'ono. Tinauyala pathebulo lowaza fulawa n'kuufutukula ndi botolo la Fanta kufikira utakhala wochindikala ngati chala chachikulu. Ndi mpeni ndinadula timitanda totalika ngati chikhatho, m'lifupi zala zitatu. Tinatuluka 40. Ama anawerenga kawiri. Kenaka tinatisiya theka la ola kuti tifufumenso, chifukwa ukakazinga utangodula mkati mwake mumalimba.

Pa mafuta sindinayerekezenso kutchula madigiri 180 a pa pepala. Ama anatsina kamtanda n'kuponya m'chiwaya. Kanamira, kenaka kanayandama katazunguliridwa ndi thovu. "Akapsa msanga kunja, mkati muli muwisi, moto wachuluka. Akamira n'kukhalitsa pansi, amwa mafuta, ndipo mafuta ndiwo ndalama." Ankasolola chikuni kapena kuchibwezera osayang'ana n'komwe. Mbali iliyonse inkatenga mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo donasi lililonse linkatuluka lofiirira, lili ndi mzere woyera m'chiuno, chizindikiro chakuti lafufuma bwino.

Zopaka pamwamba zimafuna shuga wosalala ngati ufa, amene kwathu sagulitsa. Mlongo wanga wamng'ono anasinja shuga wamba mumtondo n'kusefa kawiri. Ndinasungunula majarini, n'kuthiramo shugayo, mkaka pang'ono ndi manyuchi a maple aja, n'kutakasa mpaka zitakhala ngati phala la mwana. Tinkaviika nkhope ya donasi likadali lofunda n'kuliika pa lichero kuti liume. Kukhitchini konse kunanunkhira ngati kunyumba kwa aphunzitsi kuja, ndipo kunena zoona, anakoma kuposa a ku Zomba. Pamenepo mtima wanga unayambanso kudzitukumula.

Masamu ndiwo anandigwetsa. Kuti tibweze fulawa, mafuta, mazira, mkaka, majarini ndi shuga, donasi limodzi linayenera kugulidwa pa mtengo wa mandasi anayi. Woyamba kufika anali mayi wina wopita kudambo, kasitomala wa Ama wa zaka zambiri. Atamva mtengo anaseka. "Ndili ndi ana anayi kunyumba. Limodzili ndiwagawira bwanji, ndi lezala?" Anapita kukagula kwa mayi wa pafupi. Wakabaza wina anagula, nayamikira, koma anadandaula kuti zala zikumata pa chiwongolero ndipo pamsewu palibe madzi osamba. Pofika 9 koloko dzuwa la kunyanja linali litasungunula zopaka zija, madonasi atamatirirana m'chidebe, nyerere zitapanga mzere kukwera mwendo wa benchi. Anyamata ena ankandiloza: "Taonani wa ku yunivesite akugulitsa sopo wa shuga!" Tinagulitsa 9. Ena tinawadula patatu n'kugulitsa motchipa kwa ana asukulu. Asanu ndi limodzi tinabwerera nawo.

Zimene kalasi silinandiuze n'zakuti Ama sagulitsa kukoma kokha. Amagulitsa chinthu chimene munthu wa ndalama yochepa angathe kugula chimodzi, chimene kholo lingathe kuwerengera mwana aliyense lake, chimene chingapirire m'thumba la shati kuchokera m'mawa mpaka masana kudambo. Kufanana kwa mandasi a amayi asanu aja si umbuli. Onse anayesedwa ndi dzuwa limodzi ndi matumba amodzimodzi a ogula.

Madzulo Ama anamasula kansalu ka ndalama n'kuwerenga pamphasa. Sizinakwane ngakhale fulawa wa mawa lake. Ndinayamba kupepesa, koma anandidula. Anatuma mlongo wanga kuti atereke tiyi, natenga donasi limodzi mwa otsala aja, lophwanyika mbali imodzi, n'kuchotsa nyerere ziwiri ndi chikhadabo. Anadya pang'onopang'ono, maso ali kudambo, mpaka kunyambita zala. Ndipamene ndinazindikira kuti chibadwire changa sindinawaonepo akudya mandasi. Amalawa mtanda ndi nsonga ya lilime kuti amve mchere, basi. Lililonse mwa 120 aja limakhala ndi ntchito yake lisanalowe m'mafuta.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikukazingira anthu," anatero. "Lero ndadya zokanda mwana wanga. N'zokoma. Koma usadzabwerezenso ndi fulawa wanga."

Tonse tinaseka, ngakhale kuti ine kukhosi kunali kutandithina. Lolemba chidebe choyera chinabwerera pansi pa mtengo wa mango, chodzaza ndi mandasi ozungulira. Sindinafunse kumene ndalama ya fulawa inachokera, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zinthu zimene ndimachita nazo manyazi. Ndinadzamva kwa mlongo wanga, nditabwerera kale ku Zomba, kuti Ama anakongola ku banki m'khonde ya amayi a m'mudzi, ndipo anabweza ndi chiwongoladzanja chake kwa miyezi iwiri, pamodzi ndi ngongole yanga ya pagolosale. Ndalama ya basi imene anandipatsira pamsewu, atayikulunga m'kapepala, inachokera momwemo.

Sindikulemba izi kuti ndinyoze maphunziro, kapena kuti ndinene kuti za kunja zisamafike kwathu. Tirigu yemweyo ndi mlendo, ndipo mandasi amene timawayesa athu ali ndi abale awo ku Tanzania ndi ku Kenya, kumene amawatchula kuti maandazi. Zachilendo zimakhazikika zikapeza munthu wozidziwa malo. Ine ndinabwera ndi pepala, n'kukana chala cha munthu amene wakhala akupima mkaka ndi mafuta kuyambira ndisanabadwe. Ambiri a ife pano tidzatuluka ndi mapepala otere, ndipo tidzatumidwa kwa alimi, asodzi ndi amayi a pamsika. Tikadzalakwitsa, fulawa wake sadzakhala wathu.

Pa tchuthi chotsatira ndinapempha Ama kuti azindidzutsa 3 koloko. Tsopano ndimatha kukanda makilogalamu 3 osapumira, ngakhale kuti mandasi anga amatuluka 112, ndipo iwo amati manja anga ndi a munthu wosalipira fulawa. Botolo lija likadalipo pa alumali, chizindikiro cha tsamba lofiira chitayamba kufufutika. Ama analitsuka n'kuliumitsa padzuwa. Amasungiramo yisiti, ati chitsekerero chake chimagwira bwino ndipo chinyezi cha kunyanja sichilowa.