Mawaya amene sazungulitsa mota

Shafti ya chigayo siyang'ana kalendala. Imathyoka m'mwezi wa Meyi, chimanga chitangolowa m'nkhokwe, amayi ali pamzere ndi madengu awo. Chimodzimodzinso ekiselo ya ngolo ndi kabushi ka pampu yothiririra dimba. Zitsulo zoterezi sizipezeka m'golosale. Zimachita kusemedwa pa makina otchedwa lathe, amene amazungulitsa chitsulo pamene mpeni wolimba ukuchipala mpaka chifike pa muyeso wake. Kumene kulibe makinawa, mwini chigayo amasenza chitsulo chothyokacho ulendo wa ku Lilongwe, Blantyre kapena Chipata, nalipira basi, malo ogona ndi mmisiri, uku akumudzi atabwerera ku mtondo ndi munsi.

Chikhalirecho ma lathe akale alipo ndithu m'dera lathu lino. Ena anachokera ku England, monga a Colchester ndi a Myford, ndipo matupi awo achitsulo cholemera akadali olimba. Chimene chimawagoneka kawirikawiri ndi magetsi. Mota zawo zambiri zimafuna magetsi a three phase, a mavolti 400, pamene shopu ya pamsika wa kumudzi imangolandira a single phase, a mavolti 230, omwewo oyatsira babu. Kukoketsa mawaya a three phase ndi ndalama zimene mmisiri wamba sangazione ngakhale atakolola bwino zaka zitatu zotsatizana.

Ine ntchito yanga ndi ya magetsi a makina. Bambo wina wachikulire, amene wakhala akuwotcherera zitsulo ndi kukonza zigayo m'boma la Kasungu kwa zaka zambiri, anandiitana kuti ndimuthandize kudzutsa lathe yotereyi. Sanafune kungoidzutsa chabe. Mdzukulu wake, mnyamata wophunzira ntchito zamanja, anali atamukopa kuti aisandutse ya CNC, ndiko kunena kuti mpeni uziyendetsedwa ndi kompyuta kudzera m'timamota tiwiri, m'malo mopukusa zigwiriro ndi manja. Pulogalamu yake ndi LinuxCNC, yomwe ndi yaulere ndipo imayenda pa kompyuta yakale. Phindu lake limaoneka pamene pakufunika zitsulo zofanana zambiri, monga mapini a nyundo za chigayo: choyamba ndi chamakumi awiri zimatuluka ngati mapasa. Gawo langa linali mota yaikulu yozungulitsa chitsulo, pamodzi ndi bokosi loilamulira lotchedwa VFD.

Amisiri ena bokosili amalitcha inveta, koma tisalisokoneze ndi inveta ya sola. VFD imalandira magetsi a m'nyumba, kuwasandutsa a DC, kuwasunga m'makapasita, kenaka n'kuwadula tizidutswa kambirimbiri pa sekondi imodzi kufikira atafanana ndi three phase. Ubwino wachiwiri ndi wa liwiro. Magetsi athu amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, ndiyo 50 Hz ija, ndipo mota imatsatira kayendedwe kameneka. Yathuyi inali ya 2.2 kW, yolembedwa kuti imazungulira maulendo 1,420 pa mphindi. VFD ikatsitsa magetsi kufika pa 25 Hz, mota imayenda theka la liwirolo. Kompyuta imauza VFD liwiro lofunika kudzera pa kawaya kakang'ono konyamula mavolti oyambira 0 kufika 10: mavolti 5 ndiye theka, 10 ndiye liwiro lonse.

Mawaya ozungulitsa mota ndi atatu okha, ndipo malo awo pa VFD ndi olembedwa U, V ndi W. Magetsi olowa ali ndi malo awoawo. Munthu akasinthanitsa, nalowetsa magetsi pa U, V ndi W, bokosi limapsa nthawi yomweyo ndipo palibe wolikonza pafupi. Chinanso chili m'kabokosi ka pamsana pa mota, mmene muli timabawuti tisanu ndi kamodzi ndi tizitsulo titatu tolumikizira. VFD wamba yolandira mavolti 230 singatulutse oposa 230, choncho mota yolembedwa 230/400 V iyenera kuchotsedwa pa kalumikizidwe ka star n'kuikidwa pa delta. Ndi ntchito ya mphindi zisanu, yongosuntha tizitsulo tija. Ikaiwalika, mota imazungulira ndithu, koma mpeni ukangoluma chitsulo imafooka ngati ng'ombe ya m'mwezi wa Novembala. Amene akukagula mota yogwirapo kale ntchito awerenge kachitsulo kolembedwako asanalipire, chifukwa ya 400/690 V singapereke mphamvu zake zonse pa VFD yotereyi. Ndipo bokosi la 2.2 kW limakoka pafupifupi ma amp 20 ntchito ikalemera. Soketi ya pakhoma ya ma amp 13 si malo ake. Tinalikokera waya wake wonenepa ndi breka yakeyake.

Izi mnyamata uja anazimva msanga, ndipo mota inazungulira tsiku loyamba lomwelo. Masiku atatu otsatira tinathera pa mawaya amene sazungulitsa kanthu, ndipo kwa ine ntchito yeniyeni inali imeneyo.

Poyamba panali mkangano wa swichi. Lathe inali ndi chigwiriro chake chakale choyendetsera kutsogolo ndi kumbuyo, chimene chinkadula ndi kusinthanitsa mawaya a mota mwachindunji. Nditayamba kuchimasula, mwini shopu anagwira dzanja langa.

"Amisiri, chimenecho musiyeni. Makina opanda pozimitsira ine sindiwakhulupirira."

"Bambo, pozimitsira pakhalapo," ndinatero. "Koma pakati pa bokosili ndi mota pasakhale chodula chilichonse. Mukadula pamenepo mota ikuyenda, magetsi amabwerera ndi ukali n'kuotcha bokosi."

Nkhawa yawo inali yoona, ndipo ndinailemekeza. Chigwirirocho tinachisiya pamalo pake, koma tsopano chimangonyamula magetsi ochepa opita ku VFD kukaiuza kuti iyende kapena iime. Pampu ya madzi oziziritsa mpeni ndi babu younikira tinazipatsa njira yawo, pakuti zotuluka pa U, V ndi W ndi za mota imodzi basi.

Kenaka waya wa earth, wobiriwira ndi wachikasu uja. M'mashopu ambiri amene ndalowamo, waya ameneyu amakhala atapindidwira pambali ngati mchira wosafunika, chifukwa makina amayenda popanda iye. VFD imataya timagetsi pang'ono nthawi zonse, ndipo timagetsito tikasowa njira yopitira pansi timadikira pa thupi la makina mpaka wina aligwire ali wosavala nsapato. Tinalumikiza thupi la lathe, mota, VFD ndi chitseko cha bokosi la mawaya pamalo amodzi, titapala penti kuti chitsulo chikhudzane ndi chitsulo, ndipo tinayeza ndodo ya earth yokhomedwa panja m'malo mongoikhulupirira. Dothi louma la m'chilimwe silinyamula magetsi ngati la m'dzinja.

Pa makina a CNC pali mdani winanso wosaoneka. Kudula magetsi tizidutswa kuja kumapangitsa mawaya a mota kumwaza phokoso la magetsi, lofanana ndi limene limalowa m'wailesi mphezi ikang'anima. Timawaya ta kompyuta timanyamula mavolti ochepa, ndipo phokosolo likatilowa, kompyuta imawerenga zabodza. Mpeni umalumpha pang'ono osauzidwa, kapena kachipangizo kowerenga kuzungulira kwa shafti kamaonjeza chiwerengero, ndiye mazinga a bawuti amatuluka okhota. Wosadziwa amaimba mlandu kompyuta, nagula ina. Mankhwala ake ndi waya wa mota wokutidwa ndi ukonde wa mkuwa, ukondewo utamangidwa ku chitsulo mbali zonse ziwiri ndi chomangira chouzungulira wonse, osati kuupota ngati chingwe cha mbuzi. Timawaya ta kompyuta tinatidutsitsa njira ina, motalikirana ndi a mota ngati kutalika kwa chikhatho chotambasula, ndipo pamene panafunika kudutsana tinapingasa ngati mtanda. Waya wokutidwayo anadula mtengo kuposa mawaya ena onse pamodzi. Mwini shopu anadandaula, ine sindinagonje.

Koma waya amene ndimamuganizira kwambiri ndi wa batani lofiira loimitsira. Pali njira ziwiri zomulumikizira. Ina ndi yakuti magetsi adutse pokhapokha batani likadinidwa. Inayo ndi yakuti magetsi azidutsa nthawi zonse, ndipo kudina batani kuwadule. Poyesa masana, zonse ziwiri zimaimitsa makina mofanana. Kusiyana kumaoneka tsiku limene khoswe watafuna waya usiku, ndipo shopu yoyandikana ndi chigayo sisowa makoswe. Pa njira yoyamba lathe imayenda bwinobwino, batani litafa kale popanda wodziwa, mpaka tsiku limene mkono wa malaya wakodwa. Pa njira yachiwiri, waya akaduka makina amakana kuyamba, munthu n'kukwiya, n'kufufuza, n'kupeza chodukacho manja ake ali athunthu. Ma VFD ambiri atsopano ali ndi malo apadera otchedwa STO, odula mphamvu yopita ku mota popanda kudalira kompyuta. Yathu inali nawo, ndipo batani lofiira tinalipititsa kumeneko.

Nkhani yofanana nayo ndi ya kuzima kwa magetsi, kumene tonse tikukudziwa. Magetsi akazima, mmisiri sakhala manja lende: amamasula chitsulo, amayeza, mwina amasiya kiyi m'chogwirira chitsulo chija chotchedwa chuck. VFD ili ndi malamulo ambiri amene munthu amaisankhira, ndipo lina ndi lakuti iyambirenso yokha magetsi akabwera. Pa pampu ya pachitsime lamuloli ndi dalitso. Pa lathe ndi msampha. Tinalitseka, kenaka tinayesa kasanu: kuyendetsa mota, kuzimitsa breka yaikulu, kuyatsanso, n'kuona kuti chuck yakhala duu kufikira munthu atadina batani.

Kaimidwe nakonso kali ndi nzeru zake. Mnyamata anafuna kuti mota iziima m'sekondi imodzi, monga anaonera pa intaneti. Chuck yolemera ikakakamizidwa kuima msanga, mota imasanduka jenereta n'kubweza magetsi m'bokosi. VFD imadziteteza pozima, ndipo chuck imapitiriza kuzungulira mwaufulu, zosiyana ndi zimene timafuna. Tinaika masekondi anayi, kudikira kuti apeze resistor yomeza magetsi obwererawo. Pa ma lathe ang'onoang'ono amene chuck yake imalowa ndi mazinga, monga Myford ML7, kuima modzidzimutsa kapena kubwerera m'mbuyo kungathe kuimasula n'kugubudukira pansi, ngati si pa phazi la munthu.

Nthawi zonse tisanatsegule bokosi tinkazimitsa magetsi n'kukhala pansi mphindi khumi. Mnyamata ankaona ngati ndi ulesi. "Iwe," ndinamuuza, "tenga mita uyeze wekha." Makapasita aja amasunga mavolti pafupifupi 325 ngakhale breka itazimitsidwa, ndipo amatsika pang'onopang'ono. Ataona nambala ikutsika pa mita, sanafunsenso. Kwa ogwira ntchito za chitukuko amene mukuthandiza magulu kugula makina otere, ikani pa bajeti malipiro a mmisiri wa magetsi wovomerezeka; ku Malawi ziphaso zawo zimachokera ku MERA.

VFD tinaitsekera m'bokosi lachitsulo lokhala ndi timabowo ta mpweya totchinga ndi sefa, chifukwa nyenyeswa imodzi yachitsulo, nalimata mmodzi kapena fumbi la ufa n'zokwanira kuiwononga. Malamulo onse amene tinasankha tinawalemba papepala n'kumata kuseri kwa chitseko, kuti mmisiri wobwera pambuyo pathu asayambire pa chiyambi.

Magiya akale a lathe sitinawachotse, ngakhale mnyamata ankati VFD yawalowa m'malo. Mota ikayenda pang'onopang'ono mphamvu zake zimachepa, ndipo fani yoiziziritsa, yomwe ili pa shafti yomweyo, nayo imafooka. Posema chitsulo chonenepa ngati shafti ya chigayo, ndi bwino kulowetsa giya yotsika n'kuilola mota ithamange pafupi ndi 50 Hz. Pakadali pano tinatseka VFD kuti isatsike kupitirira 20 Hz. Mwini shopu akuti akagulitsa soya wake adzagula fani yapadera yokhala ndi magetsi akeake, ndipo malo a mawaya ake awiri tinasiyiratu m'bokosi.