Wophunzira wa pa Yunivesite Monga Chitsanzo: Petauke, Nyimba ndi England

Pa mapulogalamu a zokambirana amene wailesi zakanema za ku Lusaka zimaulutsa, omwenso Azambia okhala kunja amawatsatira pa Facebook ndi YouTube, sipasowa wothirira ndemanga wodandaula kuti ophunzira a m'mayunivesite ndi m'makoleji a masiku ano sangakhalenso chitsanzo kwa ana a sukulu. Dandaulo limeneli limayenda njira yodziwika, chifukwa limayamba ndi mowa, kavalidwe, kubetcha mpira pa foni ndi zionetsero zotseka msewu, kenaka limafika pa chizolowezi chotengera anthu otchuka pa intaneti, ndipo limathera pokumbutsa kuti m'masiku a Kenneth Kaunda wophunzira akafika kumudzi pa tchuthi, mudzi wonse unkadziwa kuti kwabwera munthu wa sukulu. Zina mwa zimenezi n'zoona ndipo palibe chifukwa chozibisira, koma ganizo lonselo limatsimphina pa mfundo imodzi, yakuti limaika nkhani yonse pa khalidwe la wophunzirayo, osafunsa kuti ndani kwenikweni amafika pamaso pa mwana wa ku Nyimba kapena ku Petauke, amafikako kangati, ndiponso ndani amamulipirira basi.

Nyimba ili pa mtunda wopitirira makilomita 300 kuchokera ku Lusaka, Petauke pafupifupi 400, ndipo maboma onse awiri amadalira msewu waukulu wa Great East, womwenso umadutsa pakhomo pa University of Zambia (UNZA), imene inatsegulidwa mu 1966. Msewu ndi umodzi, koma mayunivesite akuluakulu a boma ali m'mbali mwa njanji: UNZA ku Lusaka, Copperbelt University ku Kitwe kuyambira 1987, ndi Mulungushi ku Kabwe kuyambira 2008. Wothirira ndemanga wa ku Lusaka amawaona ophunzira tsiku ndi tsiku akutuluka m'nyumba za lendi za ku Kalingalinga, choncho vuto lake ndi lakuti akuwaona akuchita zosayenera, pamene vuto la mwana wa kwa Nyalugwe, kwa Luembe kapena kwa Mwape, m'chigwa cha Luangwa, ndi lakuti sawaona n'komwe.

Zimene mwanayo amaona n'zina, ndipo zimaphunzitsa mwamphamvu kuposa ndemanga iliyonse. Pa siteshoni ya Nyimba basi ikangoima, amayi ndi achinyamata amathamangira kumawindo atanyamula mapava a nthochi m'mabeseni, ndipo isanayambenso ulendo ndalama imakhala yamangidwa kale pamfundo ya chitenje. M'midzi ya ku Petauke muli anyamata amene amaweta ng'ombe za munthu wina kwa zaka zingapo kuti pamapeto alandire ng'ombe yawoyawo, ndipo nthawi yokolola nshawa ndi soya ogula mbewu amamangirira sikelo pamtengo m'mbali mwa msewu n'kumalipira pompopompo. Pambali pa onsewa pali mnyamata kapena mtsikana amene anamaliza koleji, chithunzi chake cha tsiku lolandira digiri chili pakhoma, koma iyeyo ali pakhomo kudikira ntchito chaka ndi chaka. Kholo loyang'ana zonsezi likatsatira mwambi wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, silinganenedwe kuti ndi lopanda nzeru, popeza lawerengera zimene lili nazo pamaso. Wophunzira woledzera wa ku Lusaka sanalowemo m'masamu amenewa.

Akatswiri a za maganizo a anthu ndi a zachuma anafufuzapo za mtundu wa munthu amene amasinthadi zolinga za mwana. Mu 1997 Penelope Lockwood ndi Ziva Kunda anaonetsa kuti munthu wopambana kwambiri amalimbikitsa ena pokhapokha iwo ataona kuti zimene anachitazo n'zotheka kwa iwonso, apo ayi amangowafooketsa. Kafukufuku amene Trang Nguyen anachita m'sukulu za ku Madagascar, yemwe anatuluka mu 2008, anapeza kuti ana osauka ankakhoza bwino mayeso pamene munthu wobwera kudzawafotokozera mbiri yake anali wochokeranso m'banja losauka, ndipo mu 2012 Esther Duflo ndi anzake analemba kuti m'midzi ya ku West Bengal ku India, kumene lamulo linasungira amayi mipando ya utsogoleri wa mudzi, zolinga za atsikana zinakwera ndipo kusiyana kwawo ndi anyamata pa maphunziro kunachepa kwambiri. Chimene chikumveka m'zofufuza zonsezi ndi kufupika ndi kufanana. Dzina la a Dora Siliya, amene anali mtolankhani pa wailesi ya ZNBC asanasankhidwe kukhala phungu wa Petauke mu 2006 n'kudzakhalanso nduna ya zamaphunziro, limadziwika m'boma lonselo, ndipo laonetsa atsikana kuti mkazi angathe kuima pa nsanja n'kumvedwa. Komabe dzina lotchuka silingauze mtsikana wa ku Minga kuti pa mayeso a giredi 12 amawerengera maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino, kuti mapointi ochepa ndiwo abwino, kapena kuti mafomu opemphera ngongole ya maphunziro amatuluka liti. Zimenezo angamuuze ndi munthu amene anadzaza mafomuwo chaka chatha.

Mzambia wokhala ku England amene ali ndi ana pa sukulu ya boma amazindikira msanga kuti kumeneko nkhaniyi siisiyidwa m'manja mwa chikumbumtima cha wophunzira. Mayunivesite amalemba ntchito ena mwa ophunzira awo, otchedwa student ambassadors, ndiye kuti oimira yunivesite pamaso pa ana a sukulu, ndipo amawalipira pa ola. Asanayambe amaphunzitsidwa zoyenera kunena ndi zosayenera kuchita, ndipo amene azikumana ndi ana kawirikawiri amayamba afufuzidwa ndi Disclosure and Barring Service, bungwe loona ngati munthu ali ndi mbiri ya milandu yomulepheretsa kugwira ntchito ndi ana. Tsiku la ulendo likafika, wophunzirayo amavala malaya olembedwa dzina la yunivesite, amaima m'kalasi mphunzitsi ali pomwepo, n'kufotokoza zinthu zazing'ono zimene akuluakulu amaiwala: lendi ya chipinda ndi zingati, chakudya cha sabata amagula bwanji, anamva bwanji atalephera mayeso oyamba, ndiponso kuti ngongole ya maphunziro imayamba kubwezedwa pokhapokha malipiro a munthu akadutsa mlingo woikika. Nthawi zina ana ndiwo amakwezedwa basi kupita ku yunivesite, kukalowa m'nyumba yowerengera mabuku ndi kudya m'chipinda chodyera ophunzira, kuti malowo asiye kuoneka ngati a anthu ena.

Mayunivesite sachita zimenezi chifukwa cha ufulu wa mtima wokha. Office for Students, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba limene linayamba ntchito mu 2018, limalola yunivesite kulipiritsa fizi yapamwamba, yomwe inali mapaundi 9,250 pachaka kuyambira 2017 n'kukwera kufika 9,535 mu 2025, pokhapokha itapereka ndondomeko yovomerezeka yosonyeza mmene idzakokere ndi kusunga ophunzira ochokera m'mabanja ndi madera amene anthu ake safika kawirikawiri ku yunivesite. Kumbali ya masukulu, lipoti la John Holman la mu 2014, lolembedwera bungwe la Gatsby, linaika mfundo zisanu ndi zitatu zoyezera uphungu wabwino wa zantchito, ndipo imodzi mwa izo imafuna kuti mwana aliyense akumane ndi makoleji ndi mayunivesite asanamalize sekondale. Wophunzira wa ku Leeds kapena ku Manchester sali woyera mtima kuposa wa ku UNZA, ndipo aliyense amene anaonapo misewu ya mizinda imeneyi Lachisanu usiku angachitire umboni. Kusiyana kwake n'kwakuti pa maola ochepa amene walembedwa ntchito yokhala chitsanzo, pali amene wamukonzekeretsa, wamulipira ndi kumuyang'anira.

Njira ya ku England ili ndi zofooka zake, zimene wosirira zakunja sayenera kuzilumpha. Pulogalamu ya boma ya Aimhigher, imene inayamba mu 2004, inatsekedwa mu 2011, ndipo Uni Connect, yomwe inabwera pambuyo pake mu 2017 ili ndi dzina lina, inadulidwa ndalama kangapo, pamene ana a m'madera olemera akupitirirabe kulowa m'mayunivesite otchuka mochuluka kuposa anzawo. Choposa apo, kukumana kwa masana amodzi ndi mlendo wovala malaya a yunivesite sikuzama. Apa ndi pamene kwa Ansenga, anthu a ku Petauke ndi Nyimba, kuli chuma chimene England alibe. M'mabanja otsata mbumba ya kuchikazi, malume amakhala ndi mawu pa tsogolo la ana a mlongo wawo kwa moyo wonse, alangizi amene amaphunzitsa atsikana akatha msinkhu amadziwika ndi dzina m'mudzi ndipo amayankha mlandu akalangiza molakwika, ndipo mwambo wa Tuwimba kwa Mfumu Kalindawalo umasonkhanitsa ana a dziko ochokera m'matauni chaka ndi chaka. Mlangizi wotere sachoka dzuwa likapendeka. Chimene amasowa nthawi zambiri ndi chidziwitso cha njira ya maphunziro apamwamba, chimene wophunzira wa chaka chachiwiri ali nacho chambiri, kotero kuti mbali ziwirizi zikufunana koma palibe amene amazikumanitsa.

Wothirira ndemanga amaiwalanso katundu amene wophunzira wochokera kumudzi wasenza kale. Ndalama zimene ophunzira amangozitchula kuti BC, potengera dzina la komiti yakale yopereka thandizo la maphunziro, zinasanduka ngongole yoyendetsedwa ndi Higher Education Loans and Scholarships Board motsatira lamulo la mu 2016. Zionetsero za pa UNZA mu Okutobala 2018, zimene zinathera pa imfa ya Vespers Shimuzhila, wophunzira wa chaka chachinayi, zinayamba chifukwa cha kuchedwa kwa ndalama za chakudya, ndipo ndalamazo zinathetsedwa mu 2019 nduna ya maphunziro apamwamba ili a Nkandu Luo, mpaka boma la a Hakainde Hichilema linazibwezeretsa mu 2023. Amene amatchula zionetsero monga umboni wa kuwonongeka kwa makhalidwe ayenera kutchulanso mbiri imeneyi. Wophunzira wogona mothithikana ndi anzake m'chipinda chimene chinamangidwira anthu awiri, amene kwawo akumuyembekeza kale kuti agulira ang'ono ake yunifolomu ndi kutumiza ya feteleza, sangapeze yekha ndalama ya basi yopita ku Petauke ndi kubwerera kuti akayankhule pa sukulu yake yakale. Ambiri pa tchuthi amatsala ku Lusaka kusaka ganyu, ndipo kutsala kumeneko n'kumene kumudzi kumaoneka ngati kudzikuza.

Zipangizo zokonzera zimenezi zilipo kale, ndipo zambiri zabwera m'zaka zochepa zapitazi. Maphunziro aulere kufikira kumapeto a sekondale anayamba mu Januwale 2022, chaka chomwecho boma linalemba aphunzitsi 30,496, ndipo thumba la chitukuko cha dera la phungu, lodziwika kuti CDF, linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, gawo lina n'kupatulidwira kulipirira ana a m'sukulu zogonera komweko ndi achinyamata ophunzira ntchito zamanja. Mtsikana wobereka ali pa sukulu ali ndi ufulu wobwerera m'kalasi kuyambira 1997, ndipo kusintha kwa lamulo la ukwati mu 2023 kunaletsa ukwati uliwonse wa munthu wosafika zaka 18, ngakhale wachikhalidwe. Malamulowa amatsegula khomo, koma mtsikana wobwerera ku sukulu atabereka amalimba mtima akaona wina amene anadutsa momwemo ndipo tsopano akuphunzira unamwino, osati akamva nduna pa wailesi.

Popeza mayina a olandira thandizo la CDF amadutsa m'makomiti a chitukuko a wadi iliyonse, makomitiwo amadziwa kuti mwana wa uje akuphunzira zamagetsi, wa uje zomangamanga, ndipo amadziwanso sukulu imene aliyense anachokera. Sichingakhale chinthu chachikulu kuti khonsolo ya Nyimba kapena ya Petauke ipatule ndalama yochepa ya basi ndi chakudya, kuti aliyense wa iwo, pamodzi ndi a ku yunivesite ochokera m'wadi yomweyo, afike pa sukulu yake yakale kamodzi pachaka. Kukumanako kuyenera kuchitika masana, m'kalasi, mphunzitsi wa uphungu ali pomwepo, chifukwa mnyamata wa ku koleji wokhala ndi foni yabwino ndi kandalama m'thumba angathenso kukhala ngozi kwa atsikana a sekondale, ndipo pa mfundo iyi yokha nkhawa ya wothirira ndemanga ili ndi maziko olimba. Pafunikanso kugwirizanitsa masiku, popeza wophunzira akabwera mu Disembala amapeza masukulu atatseka, ana ali kuminda.

Azambia okhala kunja ali ndi gawo lawo pa vutoli. Zithunzi zimene amatumiza kwawo pa WhatsApp zimaonetsa galimoto, chipale chofewa ndi mikanjo ya digiri, koma sizionetsa kuti ambiri mwa amene anafika ku England kuyambira 2022, pamene boma la kumeneko linatsegula chilolezo cha ntchito yosamalira okalamba, amagwira usiku wonse akusambitsa ndi kudyetsa odwala, ena a iwo ali ndi digiri ya UNZA m'sutikesi. Ntchitoyo si yochititsa manyazi, koma mwana wa ku Kacholola amene waona chithunzi chokha amaphunzira kuti mphoto ya sukulu ndi ndege. Magulu a anthu a ku Petauke ndi Nyimba okhala kunja, amene amadziwa kale kusonkha mwachangu pakagwa maliro, angathe kusonkha mofananamo ndalama ya basi ya ophunzira khumi pa teremu, ndipo iwo eni akabwera kudzacheza, angapemphe mphunzitsi wamkulu ola limodzi loti afotokozere kalasi malipiro awo, lendi yawo, msonkho umene amadulidwa ndi maola amene amagwira.