Kabokosi kapansi pa mpando

Anthu a msinkhu wanga tinakula wailesi ya m'galimoto ili chinthu cholankhula, osati chogunda. Amalume anali ndi pikapu ya Peugeot 404 imene ankanyamulira chimanga ndi anthu a matola pakati pa Ntcheu ndi Balaka. Wailesi yake inali ndi timabatani tiwiri topotokola, kena kosakira siteshoni, kena kokwezera mawu, ndipo sipika inali imodzi yokha. Chosaka chenicheni panalibe, popeza m'dziko muno munali nyumba imodzi youlutsira mawu, MBC, imene inayamba mu 1964. Injini ikabangula pachitunda mawu ankamira, amalume n'kungoti tidikire, zotsalazo tikamva pamwamba. Koma mauthenga achisoni akayamba kuwerengedwa ankachepetsa liwiro kuti amve maina bwinobwino, ndipo tonse tinkakhala chete.

Kaseti ndiyo inatipatsa ufulu wosankha. Kampani ya Philips inaitulutsa mu 1963, koma nyimbo zathu zinadzasefukira pa makaseti m'zaka za m'ma 1990: Alleluya Band ya ku Balaka, Paul Banda, Lucius Banda, kenako Evison Matafale ndi Black Missionaries. Wailesi ikatafuna tepi, unkaisolola mosamala n'kuikulunganso ndi bolopeni. Ukaiiwala pa dashibodi padzuwa la Okutobala, mawu a woimba ankatuluka okokeka. Nthawi yomweyo, ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994, maminibasi anadzaza misewu, ndipo nyumba zoulutsira mawu zinayamba kuchuluka. MBC inatsegula Radio 2 mu 1997, Zodiak inabwera mu 2005, ndipo pakatipo ndi pambuyo pake panabadwa zina zambiri.

Madalaivala a maminibasi a Hiace sanachedwe kuzindikira kuti nyimbo zimaitana anthu. Ankazula masipika ku wailesi za m'nyumba, kuwakhomera m'bokosi la matabwa, n'kulowetsa bokosilo pansi pa mpando wakumbuyo. Mawaya ankasenda ndi mano, kuwapotokola pamodzi, n'kukulunga ndi chidutswa cha jumbo. Phokoso linalipo lambiri, koma mawu anali osweka. Ng'oma ikagunda, woimba ankabisika. Besi ikalowa, chitseko chinkanjenjemera koma nyimboyo osaizindikira. Ambirife tinkayesa kuti umo ndi mmene nyimbo zimamvekera m'galimoto.

Chifukwa chake ndinadzachimvetsa pambuyo pake, ndipo n'chosavuta. Batire la galimoto limapereka ma volt 12, ndipo injini ikamayenda alternator imawakweza kufika pa 14 kapena kupitirira pang'ono. Kachipangizo kokweza mawu kamene kali m'kati mwa wailesi kamagwira ntchito ndi mphamvu yomweyo basi. Pa sipika ya ma ohm 4, kamatha kupereka ma watt pafupifupi 20 a mawu oyera, osaposa apo. Zija zimalembedwa pankhope pa wailesi zakuti 50W x 4 zimanena mphamvu ya kamphindi chabe, mawu atasweka kale. Munthu akapitiriza kukweza, wailesi imafika pothera, nsonga za mawu zimadulidwa, ndipo masipika amayamba kutentha. Amene amathamangira kupsa ndi timasipika tating'ono ta mawu akuthwa, ma tweeter. Choncho phokoso losweka lija silinali kuchuluka kwa mphamvu ayi, linali kuperewera kwake.

Ampulifaya yapadera imathetsa vutoli chifukwa m'kati mwake muli gawo lotenga ma volt 12 aja n'kuwakweza kawiri, katatu kapena kuposa, kenako n'kudyetsa masipika. Ikatero imatha kupereka ma watt 50 kapena 75 enieni pa sipika iliyonse. Apa pali chinthu chimene ndimalakalaka aliyense wogula ampulifaya atachidziwa. Kuwirikiza ma watt kumangowonjezera ma decibel 3, amene khutu limawamva ngati kakusintha kochepa. Kuti munthu amve kuti phokoso lawirikiza, pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi. Ndiye phindu lenileni la ampulifaya silili pa kukuwa. Zili ngati kumanga ng'ombe ziwiri pa ngolo imene inkakokedwa ndi imodzi: liwiro silisintha kwambiri, koma pachitunda ngolo imakwera mosadodoma. Nyimbo nayo ili ndi zitunda zake, pamene ng'oma, besi ndi oimba onse amalowera limodzi, ndipo pamenepo m'pamene wailesi yopanda chothandizira imagwa mphwayi.

M'zaka za m'ma 2000 kunabwera kusintha kwina. Anthu wamba tinayamba kuitanitsa magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, ambiri otsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe: Corolla, Vitz, Passo, Sienta. Anabwera ndi mawailesi okongola a sikirini, koma olembedwa Chijapanizi, ena ndi mawu a mayi wolankhula chinenero chakwawo ukangoliza injini. Choipa kwambiri chinali FM. Mawailesi ambiri a ku Japan amagwira kuyambira 76 kulekeza 90 MHz, pamene masiteshoni athu ali pakati pa 87.5 ndi 108. Munthu unkapeza kuti galimoto yako yatsopano ikugwira siteshoni imodzi kapena ziwiri. Amisiri anapeza mankhwala ake, kachipangizo kolumikiza pa waya wa eriyo kotchedwa band expander, kamene kamatsitsa masiteshoni kuti alowe m'malire a wailesiyo. Ndiye nambala yooneka pa sikirini siigwirizana ndi imene muulutsi akutchula, ndipo aliyense amangoloweza manambala a m'galimoto yake.

Ambiri ankangozula wailesi yonse n'kuika Pioneer, Kenwood, Sony kapena JVC. Imeneyo inali nyengo ya kuonetsa. Nkhope ya wailesi inkachoka, ndipo mwini galimoto ankaiika m'thumba potsika kuopa akuba. Ampulifaya inali chimbale chachitsulo chachikulu cha mizeremizere yoziziritsira, chokhomeredwa kumbuyo kwa mpando kuti buti ikatsegulidwa anthu aone, pambali pake wufa, sipika yaikulu ya besi, m'bokosi lokutidwa ndi kapeti. Sindikunyoza. Anyamata amene ankachita zimenezo ankakonda nyimbo ndi mtima wonse, ndipo ambiri mwa amisiri abwino a lero anaphunzirira pa magalimoto amenewo.

Nditagula galimoto yanga, nanenso ndinapita ndi maganizo ozula. Ndinakapeza mmisiri wina wa magetsi a galimoto cha ku Biwi mu Lilongwe, mnyamata wocheperapo kwa ine. Anayang'ana dashibodi, anadina mabatani a pa chiwongolero, anaika giya yobwerera kuti aone kamera, kenako anapukusa mutu.

"Madala, wailesiyi musaizule. Mukaizula mutaya kamera ndi mabatani awa, ndiponso dashibodi isiya kukongola. Vuto lake ndi mphamvu basi."

"Nanga mphamvuyo tiipeza kuti, achimwene?"

Anatulutsa kabokosi kakang'ono kakuda kokwana m'dzanja lotambasula, n'kuloza pansi pa mpando.

Ndinakhala pa benchi tsiku limenelo ndikuonerera, ndipo zimene ndinaona zinasintha mmene ndimaionera ntchitoyi. Anayamba wamasula waya wa minus pa batire, atandifunsa kaye ngati wailesiyo siidzafuna nambala yachinsinsi ikazimitsidwa, pakuti ena mwa mawailesi a ku Japan amadzitseka batire likachotsedwa. Waya wofiira wokhuthala anautenga kuchokera ku batire kwenikweniko, kuudutsitsa pa kabowo ka mphira pa khoma lachitsulo lolekanitsa injini ndi anthu, kuti chitsulo chisauseme. Fyuzi anaiika pafupi kwambiri ndi batire. Nditafunsa chifukwa chake, popeza ampulifaya inali ndi fyuzi yakeyake, anati iyi sikuteteza ampulifaya, ikuteteza waya. Waya ukasupuka n'kukhudza chitsulo popanda fyuzi kumtunda, batire limakhuthulira mphamvu yake yonse m'menemo, ndipo kapeti imayaka. Asanaugwiritse ntchito waya uja anaupala ndi mpeni kundionetsa kuti ndi kopa mpaka m'kati. Anatenga chidutswa china chotsika mtengo, kuchipala, m'kati munatuluka moyera: aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba, wopepuka, wosanyamula magetsi mofanana ndi mnzakeyo.

Pa waya wakuda wa earth anachedwapo. Anasankha bawuti pafupi ndi mpando, n'kupala penti mpaka chitsulo chitawala, kenako anamanga zolimba. Anati kulira kuja kumene kumamveka m'masipika n'kumakwera pamodzi ndi injini, nthawi zambiri kumachokera pa earth yomangidwa pamwamba pa penti kapena dzimbiri. Pachifukwa chomwecho waya wa magetsi anaudutsitsa mbali imodzi ya galimoto, a nyimbo mbali inayo. Wailesi ya kufakitale ilibe mabowo a RCA otumizira nyimbo ku ampulifaya, choncho nyimbo anazitenga pa mawaya opita ku masipika, kuzilowetsa pa khomo la ampulifaya lolandira mawu okwezedwa kale.

Chomaliza chinali kabatani kolembedwa gain, kamene anthu ambiri amakayesa kokwezera mawu n'kukapotokola mpaka kumapeto. Iye anakweza wailesi kufika pafupifupi magawo atatu mwa anayi, anaika nyimbo imene ankaidziwa bwino, n'kumakapotokola pang'onopang'ono ndi sikuludiraiva atatsinzina. Mawu a woimba atangoyamba kukhakhala, anabwezako pang'ono n'kusiya. Masipika a m'zitseko anawadulira mawu apansi pa 80 Hz kuti asamavutike ndi katundu woyenera wufa. Atatha anabwezeretsa mapulasitiki onse, ndipo m'galimoto simunaoneke waya ngakhale umodzi.

Pobwerera kunyumba ndinaika nyimbo ya Black Missionaries imene ndinali nditaimva kwa zaka zambiri. Sindinakweze kuposa kale. Besi inali payokha, ng'oma payokha, ndipo oimba ovomera kumbuyo ndinkatha kuwasiyanitsa. Pa kwaya ya kutchalitchi kwathu ndinamva ma alto amene kale ankamira pakati pa ma soprano ndi ma tenor. Ampulifaya inaululanso zobisika: nyimbo zina za pa fulashi, zimene ndinaikitsa pa kabenchi m'tauni, zinatuluka zophwanyika ndi zopyapyala, chifukwa zinapanikizidwa kwambiri pozisunga. Chipangizochi sichikonza nyimbo yoipa, chimangokweza chimene chapatsidwa.

Kuchepa kwa kabokosi kaja nako kuli ndi chifukwa. Maampulifaya akale a Class AB ankataya gawo lalikulu la magetsi ngati kutentha, n'chifukwa chake ankafuna thupi lalikulu lachitsulo. Atsopano a Class D amayatsa ndi kuzimitsa magetsi mofulumira kwambiri, ndipo amataya ochepa. Ndi aang'ono, satentha kwambiri, salemetsa alternator kwenikweni, ndipo mtengo wake wafika poti munthu wamba angaukwanitse. Mphamvu imene amalume sakanailota n'komwe, lero ikugulitsidwa m'mashopu a zida za magalimoto pafupifupi m'tauni iliyonse.

Pomwepo m'pamene mtima wanga umawawa. Pa mabokosi ambiri pamalembedwa ma watt 2000 kapena 3000, koma ukatembenuza chipangizocho umapeza fyuzi imodzi ya 30 amp. Chulukitsani 30 ndi ma volt 14, mupeza 420, ndipo ampulifayayo singatulutse zoposa zimene ikulandira. Mnyamata amagula nambala yolembedwayo, ndalama zimathera pamenepo, ndiye amatenga waya woonda wa m'nyumba, osaika fyuzi. Besi ikagunda usiku nyale zakutsogolo zimaphethira, m'mawa batire lafa. Ena magalimoto awo anafuka utsi. Ndipo ngakhale zonse zitalumikizidwa bwino, mphamvu ija ambiri amaithira pa kukuwa. Ndakwerapo minibasi imene agogo ena anafuula katatu kuti akutsika, kondakitala osamva, mpaka tonse tinachita kumenya denga. Akatswiri a zaumoyo wa pantchito amati phokoso la ma decibel 85 munthu asakhalemo kupitirira maola 8 patsiku, ndipo likakwera ndi ma decibel 3 nthawiyo idulidwe pakati. Wokwera amatsika pakatha theka la ola. Dalaivala ndi kondakitala amakhala momwemo kuyambira mbandakucha mpaka usiku, sabata yonse, ndipo khutu likawonongeka ndi phokoso silibwerera mwakale. Ndimawaganizira kwambiri anyamata amenewa, amene podzafika msinkhu wanga adzayamba kupempha anthu kuti abwereze zimene anena.

Mphwanga atagula Sienta yoti azinyamulira anthu, anabwera kudzandifunsa za ampulifaya, maso ali pa ina yolembedwa manambala akuluakulu. Ndinamutengera ku Biwi. Mmisiri uja, amene pano ali ndi ophunzira ake awiri, anamuonetsa fyuzi ya chipangizocho n'kumuwerengera masamu aja pa katoni. Anagwirizana zogula yocheperapo, ndalama yotsalayo ipite ku waya wa kopa ndi masipika atsopano a m'zitseko. Pa wufa mphwangayo sanagonje, anasankha yaikulu kuposa imene ine ndikanasankha. Mmisiri anaiika, koma anawonjezera kabatani kochepetsera besi pafupi ndi giya, n'kumuuza kuti akanyamula anthu achikulire kapena mayi wa mwana wakhanda azikatsitsa. Ndikakwera nawo timatsutsanabe: iye amati amalume mwakalamba, ine ndimati amvetsere kaye gitala ija ili kumbuyo kwa woimba asanakweze. Sabata yatha anabwera ndi fulashi, kundipempha kuti ndimuikire nyimbo za Paul Banda zosapanikizidwa, chifukwa zimene anali nazo zayamba kumunyansa m'makutu.