Sushi ya mu uvuni ingatheke ku Petauke

Ambiri ku Petauke ndi ku Nyimba akamva za sushi amaganiza nsomba yaiwisi, n'kuikana. Komatu sushi ya mu uvuni, imene inatchuka ku Philippines mu 2020, ilibe chaiwisi. Mpunga wothira viniga ndi shuga umayalidwa m'thireyi, pamwamba nsomba yophika yosakaniza ndi mayonezi, kenako pamoto. Paphwando n'zopepuka, palibe zokulunga kamodzikamodzi. Ena akuti mpunga wa ku Japan kulibe, koma wa ku Chama ukapsa mofewa umagwirana ndithu. Magetsi akazima, makala pansi ndi pachivundikiro, monga timaphikira chigumu. Nsomba zowamba za pa Luangwa Bridge zikwanira, bola kuchotsa minga mosamala. Chovuta chenicheni ndi nori, ndele zouma za m'nyanja, zomwe muyenera kuitanitsa ku Lusaka.