Kuona Maso a Nkhono N'kudekha

Makolo akale ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhono ikangokhudzidwa imabweza tinyanga take m'chigoba, ndipo munthu waphuma amachokapo akunena kuti kanyamaka kalibe maso. Mwambi umenewu unapherezeka pamudzi wina kufupi ndi Linthipe, m'boma la Dedza, pamene mnyamata wa zaka 17, wobadwira ku Leeds m'dziko la England, anafika koyamba kwa agogo ake obereka mayi ake. Chinamubweretsa chinali chiliza cha mayi akewo, amene anamwalirira kunjako koma anadzaikidwa kumudzi iye akadali wamng'ono.

Tsiku lofikalo, pakhonde panali anyakwawa, atsibweni ake ndi amuna ena achikulire, pamene amayi anali pamphasa chapatali. Mnyamatayo anatsika galimoto chipewa chili kumutu, nalunjika pakhondepo. Anaima chilili pamaso pa anyakwawa, nawagwira chanza mwamphamvu, maso ali tong'o pankhope pawo. Atatero anatulutsa nsalu imene anagulira agogo ake, naipereka ndi dzanja lamanzere, lamanja lili m'thumba. Palibe amene anatsegula pakamwa. Anyakwawa anatsokomola pang'ono nayang'ana kumbali, mayi wina anatsonya chapansipansi, ndipo agogo aja, atalandira nsaluyo ndi manja awiri, anaika dzanja patsaya.

Mwanayo analibe mwano mumtima. Kumene anakulirako, ana amaphunzitsidwa kuti poyankhula ndi munthu azimuyang'ana m'maso, chifukwa wozyolika amamuganizira kuti akubisa kanthu. Kugwira chanza mwamphamvu ndiye kusonyeza kuti ndiwe munthu wokhulupirika. Pakati pa Achewa zinthu zimenezi zimamveka mwina. Wamng'ono sayankhula ndi akulu okhala pansi iye ataima: mkazi amagwada, mwamuna amavula chipewa n'kunyonyomala. Popereka moni, dzanja lamanzere limachirikiza mkono wamanja, kenaka munthu amaomba m'manja mofatsa. Kanthu kamaperekedwa ndi kulandiridwa ndi manja awiri, chifukwa dzanja lamanzere palokha limatengedwa kuti ndi la ntchito zosayenera kutchulidwa pagulu. Maso nawo amakhala pansi, pakuti kuyang'anitsitsa wamkulu ndi kumuderera.

Naye mnyamatayo anawawerenga molakwa abale ake. Asuweni ake ankabwera ndi madzi osamba m'manja, n'kugwada chapatali, n'kumamuyankha nkhope itayang'ana kwina. Iye anaona ngati akunyansidwa naye. Dzanja la agogo patsaya analiyesa chizindikiro chakuti atopa naye. Pofika tsiku lachitatu anapempha atsibweni ake kuti amuperekeze ku Lilongwe akadikirire ndege kumeneko. Usiku womwewo agogo aja anaitana mwana wawo wamwamunayo nati, "Kodi mlongo wako uja, kunjako anaiwala zonse? Mwana uyu anamulera ndani?" Mlandu tsopano unali utagwera womwalira, amene sakanatha kudziyankhira, ndipo chingwe chokhacho chomangirira mwanayo kumudzi kwa mayi ake chinali pafupi kuduka.

M'chaka cha 1872, Mngelezi wina wofufuza zachilengedwe, Charles Darwin, anatulutsa buku lofotokoza mmene anthu ndi nyama amaonetsera zimene akumva mumtima. Iye anali atatumiza mafunso kwa amishoni ndi anthu ena okhala m'maiko akutali, ndipo anatsimikiza kuti nkhope ya chimwemwe, ya chisoni, ya mkwiyo ndi ya mantha imafanana kwambiri pakati pa mitundu ya anthu. Koma kugwada, kuomba m'manja ndi kuvula chipewa munthu sabadwa nazo. Amaziphunzira monga amaphunzirira chiyankhulo. N'chifukwa chake posonyeza msinkhu wa mwana kuno chikhatho chimaimikidwa, pamene kuchivundikira pansi n'kwa ziweto, chonsecho Mzungu amayeza mwana ndi mbuzi mofanana, osaonapo cholakwa.

Atsibweni aja anali atagwirapo ntchito zaka zambiri ku Johannesburg, choncho ankadziwa kuti ulemu umavala zovala zosiyana. M'mawa anamutenga mnyamatayo kupita naye kudimba, namufunsa kuti, "Iwe, amene amalawirira kukutenthetsera madzi osamba ndani? Nanga tambala uja anaphedwa tsiku lomwe unafika, anaphera yani?" Anamufotokozera kuti maso ogwa pansi a asuweni ake anali ulemu, ndi kuti dzanja patsaya ndi chisoni: agogo akewo ankaona nkhope ya mwana wawo womwalira pankhope pake. Atabwerera kunyumba anauza mayi awo kuti, "Amayi, musamuweruze ndi manja okha. Dzuwa likamalowa mukasuzumire kuseri kwa nkhokwe."

Madzulo agogo aja anapita mwakachetechete. Anapeza mdzukulu wawo atakhala pamwala, chithunzi cha mayi ake chili m'manja, mutu utawerama, mapewa akugwedezeka. Pamenepo sipanafunike womasulira. Anakhala pambali pake, naika dzanja pamsana pake, ndipo anakhala choncho mpaka kunada.

Pa tsiku la chiliza mnyamatayo anafika kwa anyakwawa chipewa chili m'manja. Poyesa kunyonyomala miyendo inamukanika, mwakuti anatsala pang'ono kugwa chagada. Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa abale. Anaomba m'manja katatu, ndipo anyakwawa anamuyankha ndi manja awo. Mwambo utatha, agogo aja anamenya pamphasa ndi chikhatho nati, "Amuna anga, bwerani mudzakhale apa." Umu ndi mmene gogo wachichewa amatchulira mdzukulu wake wamwamuna mwanthabwala, ndipo aliyense pamenepo anadziwa kuti mwanayo walandiridwa.

Nkhaniyi ili ndi phunziro kwa onse awiri, mlendo ndi mwinimudzi. Thupi limayankhula pakamwa pasanatsegulidwe, koma chizindikiro chimodzi sichikwanira kuweruzira munthu. Pafunika kuona maso, manja, kakhalidwe ndi zochita zake pamodzi, ndiponso kudziwa kumene anakulira. Mdzukulu amene akupita kumudzi ayambe waonetsetsa mmene eni ake akukhalira, ndipo pamene sakumvetsa afunse, pakuti safunsa anadya phula. Makolo amene akulerera ana kunja akumbukire kuti m'mera mpoyamba: mwana wa zaka zisanu amaphunzira kulandira ndi manja awiri mosavuta kuposa wa zaka 17. Ndipo akuluakulu akumudzi, akaona mwana wa mbumba yawo ataima chilili chipewa chili kumutu, asafulumire kutsonya. Adekhe monga woyembekezera nkhono, amuitane pambali, amusonyeze pokhala.