Chipolopolo cha .243 Winchester ndi Ntchito Zake Ziwiri

Pakati pa alenje a ku America ndi ku Britain, chipolopolo cha .243 Winchester chimadziwika kuti ndi cha munthu wa mfuti imodzi, amene amafuna kusaka nkhandwe ndi tinyama tina ta m'minda, komanso nswala nyengo yake ikafika. Kampani ya Winchester inachitulutsa mu 1955 itachepetsa khosi la chigoba cha .308 Winchester, ndiye kuti kachitini kachitsulo kosungamo onga, kuti chizigwira mutu wa mamilimita 6, umene ndi gawo lokhalo louluka kukalasa nyama. Popeza mutuwo ndi wopepuka pamene onga ndi wochuluka, umathamanga mtunda wautali usanayambe kugwa, ndipo mfuti sikankha phewa mwamphamvu, zimene zimathandiza wophunzira kuti asamatsinzine kapena kugwedezeka poombera.

Chimene chinachipatsa mbiri chili m'kati mwa mpope, mmene muli mizere yopotana imene imazunguza mutu kuti uziuluka molunjika. Mu 1955 momwemo kampani ya Remington inatulutsa .244 Remington, koma mizere ya mfuti zake inkazungulira kamodzi pa mainchesi 12, ndipo sinkakhazikitsa bwino mitu yaitali yosongoka ya magireni 100. Gireni ndi muyeso wa kulemera, ndipo magireni 100 ndi magalamu pafupifupi 6.5. Mizere ya Winchester inkazungulira kamodzi pa mainchesi 10, motero mfuti imodzi inkalandira mitu yopepuka ndi yolemera yomwe. Remington anakonza mizereyo nasintha dzina kukhala 6mm Remington mu 1963, koma msika unali utapita kale.

Komabe, mlenje wodziwa ntchito yake sakhulupirira kuti mutu umodzi ungagwire ntchito zonse ziwiri. Mutu wa magireni 55 mpaka 75 uli ndi chikuto chamkuwa chopyapyala chokuta mtovu, ndipo unapangidwa kuti uziphwanyika ukangolowa m'thupi, kotero kuti nkhandwe imafera pomwepo. Mutu womwewo ukagunda fupa la phewa la nswala umanyenyeka usanafike pa mapapo, n'kusiya bala lalikulu koma losazama, ndipo nyama imathawira m'thengo kukafa pang'onopang'ono patapita masiku. Imeneyi ndi nkhanza imene mlenje aliyense angaipewe pongowerenga zolembedwa pa bokosi. Wa nswala ndi mutu wa magireni 95 kapena 100, wa chikuto chochindikala, umene umachoka pa liwiro la mamita pafupifupi 900 pa sekondi ndipo umatambasuka ngati bowa uku ukulowabe, makamaka ukalunjikidwa kumbuyo kwa mwendo wakutsogolo kumene kuli mtima ndi mapapo. Pali chinanso chimene ambiri amachinyozera, chakuti mitu yosiyana kulemera sigwera malo amodzi, choncho wosintha zipolopolo ayenera kuyamba wayesa mfuti yake pa pepala ndi kukonza galasi lolunjikira asanalowe m'tchire.

Ku England ndi ku Wales, lamulo la Deer Act la 1991 limaletsa kuombera nswala zikuluzikulu ndi mfuti ya mpope wochepera mainchesi .240 m'mimba mwake, kutanthauza kuti .243 ndi imodzi mwa zazing'ono kwambiri pa zololedwa. Pa nswala zapakatikati ndi yokwana ndithu m'manja mwa munthu woleza mtima, wodikira kuti nyama iime cham'mbali. Pa nyama zolemera monga nswala yaikulu yotchedwa elk, mlenje wanzeru amatenga mfuti yokulirapo.