Chitsulo cha M'khosi mwa Bambo Athu ndi Makina a MRI

Kwathu kuno kwa Mphuka khosi silidziwa tchuthi. Amayi amasenza ndowa kuchokera kumjigo, anyamata amatsetsereka mapiri ndi mikoko ya nthochi pamutu, ndipo othyola tiyi m'maesiteti amakhala chiweramire kuyambira m'mamawa, dengu lili kumsana. Koma ndi ochepa mwa ife amene amadziwa mmene Mlengi analikonzera khosilo. Lili ndi timafupa 7 tosanjikizana, ndipo madokotala amatiwerenga kuchokera pamwamba, C1 mpaka C7. Kuyambira pa fupa lachiwiri kutsika mmunsi, pakati pa fupa ndi linzake pali kanthu kofewa kogwira ntchito ya nkhata. M'kati mwa mafupawo mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo, ndipo nthambi zake zimatulukira m'mbali kupita m'mapewa, m'mikono mpaka kuzala. Nkhata ija ikaphwanyika kapena kufufuma, imapanikiza mtsempha. N'chifukwa chake vuto la m'khosi munthu amatha kulimvera m'dzanja.

Bambo athu anagwira ntchito ya tiyi zaka zambiri, poyamba ngati wothyola, kenako kapitawo. Zaka 6 zapitazo, nkhata ya pakati pa C5 ndi C6 itawonongeka, anawachita opaleshoni ku Blantyre. Madokotala anacheka kutsogolo kwa khosi, n'kuchotsa nkhata yowonongekayo. Pamalo pake anaikapo chochirikiza, ndipo anamanga mafupa awiriwo ndi kachitsulo kaphanthiphanthi ndi timisomali 4 kuti pakapita miyezi alumikizane n'kukhala fupa limodzi. Njira imeneyi si yachilendo. Madokotala a ku America, Robinson, Smith ndi Cloward, anaiyamba m'zaka za m'ma 1950. Bambo anachira, anabwerera kumunda ndi kuudikoni wawo, ndipo ife ana awo tinkangokumbukira za chitsulocho tikaona chipsera pakhosi.

Chaka chatha dzanja lamanja linayamba kuchita dzanzi, makamaka chala chapakati. Ululu unkatsika kuchokera paphewa usiku. Pa Sabata la Mgonero, iwo amene akhala akunyamula thireyi ya tikapu kwa zaka zambiri anapempha dikoni mnzawo kuti awanyamulire. Tinapita nawo ku Malamulo, ku Makwasa, ndipo dokotala atawayeza mphamvu za manja ndi kayendedwe, anati pakufunika chithunzi cha MRI, ndipo anatilembera kalata yopita nayo ku Blantyre.

Apa m'pamene nkhani inavuta. Tisanafike n'komwe kunyumba, mbiri inali itatitsogolera. Wina anati makinawo ndi maginito aakulu, adzazula timisomali tija ngati mmene munthu amazulira chinangwa. Wina anati chitsulo chidzatentha n'kuwotcha mtsempha. Wina, amene amaoneka wodziwa zinthu, anati kungakhale kutaya ndalama ya minibasi chifukwa pamene pali chitsulo sipaoneka kanthu. Bambo anamvetsera zonsezi mwakachetechete. Madzulo anatenga maginito a m'sipika ya wailesi yakufa, nawayandikizitsa ku msomali, msomali n'kudumpha.

"Mwaona, ana inu? Awa ndi aang'ono. Nanga akuluwo adzanditani? Dzanzi ndikhala nalo, koma khosi langa musaliseweretse."

Sitinawaseke, chifukwa funso lawo linali lanzeru. Tinabwerera nalo kwa dokotala monga analifunsira, ndipo zimene tinaphunzira n'zimene tikufuna kugawana nanu, abale ndi alongo, pakuti masiku ano m'mabanja ambiri muli wina amene ali ndi chitsulo m'mwendo, m'chiuno kapena mumsana.

Makinawo amagwira ntchito bwanji?

MRI sigwiritsa ntchito cheza cha X-ray. Imagwiritsa ntchito maginito amphamvu ndi mafunde a wailesi. Thupi lathu lili ndi madzi ambiri, ndipo makinawo amamvetsera mmene tizigawo ta m'madzimo tikuyankhira mafundewo, kompyuta n'kusandutsa yankholo chithunzi. N'chifukwa chake imaonetsa bwino zinthu zofewa monga ubongo, mitsempha ndi nkhata zija, zimene X-ray sizionetsa bwino. Paul Lauterbur ndi Peter Mansfield analandira mphoto ya Nobel mu 2003 chifukwa cha ntchito yawo pa njira imeneyi.

Mphamvu ya maginitowo amaiyeza mu tesla. Makina ambiri m'zipatala za padziko ndi a 1.5 kapena 3 tesla. A 1.5 tesla amaposa mphamvu ya maginito a dziko lapansi, amene amatembenuza kampasi, pafupifupi maulendo 30,000. Pamenepa Bambo sananame, mphamvuyo ndi yaikuludi.

Kuno kwathu makinawa ali ndi mbiri yabwino. Mu 2008 pa chipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre panaikidwa MRI ya 0.35 tesla, kudzera mu ntchito ya Dr. Terrie Taylor wa ku Michigan State University ndi anzake ofufuza za malungo. Atajambula ana 168 odwala malungo a mu ubongo, anapeza kuti ambiri mwa amene anamwalira anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Zotsatirazo zinafalitsidwa mu 2015, ndipo madokotala a dziko lonse anaphunzirapo. Titawauza Bambo kuti tiana takomoka ndi malungo tinagonekedwa m'makina oterewa, anangoti, "Koma tianato tinalibe chitsulo." Tinavomera kuti funso lidakalipo.

Si chitsulo chilichonse chimene maginito amakoka

Yankho linali m'khitchini mwa Amayi. Tinatenga maginito a Bambo omwe aja n'kuwagunditsa ku poto wa aluminiyamu. Sanamate. Tinawagunditsa ku waya wa kopa, chimodzimodzi. Pa Chichewa zonsezi timangoti zitsulo, koma maginito amasankha. Zitsulo zambiri zimene madokotala amamangira mafupa a m'khosi masiku ano ndi za titanium, ndipo titanium sikokedwa ndi maginito monga msomali. Chochirikiza cha pakati pa mafupa nthawi zambiri chimakhala cha pulasitiki yolimba yotchedwa PEEK, kapena titanium, kapena fupa lenileni. Kuwonjezera apo, timisomali tija tinakulungidwa m'fupa, ndipo patapita zaka fupa linatigwira zolimba.

Za kutentha, dokotala sanatibise. Mafunde a wailesi angathe kutenthetsa chitsulo, ndipo ngozi imakula chikakhala chachitali ngati waya. Pa kachitsulo kakafupi ka m'khosi kutenthako kumakhala kochepa ngati ojambula atsatira malire amene opanga anaika. Zipangizo za kuchipatala zimaikidwa m'magulu 3. Za "MR Safe" zilibe chitsulo ndipo zilibe vuto. Za "MR Unsafe" siziyenera kulowa m'chipindacho. Za "MR Conditional" zimaloledwa pokhapokha malamulo ake atsatidwe, monga mphamvu ya makina. Zitsulo zambiri za m'khosi zili m'gulu lomalizali. Choncho chofunika si kulimba mtima kwa wodwala, koma kuti wojambula adziwe chimene chili m'thupimo.

Apa Amayi ndi amene anatipulumutsa. Anatsegula sutikesi yawo n'kutulutsa jumbo momwe munali buku la kuchipatala la Bambo, kalata yotulukira m'chipatala ndi chithunzi cha X-ray chakale. M'kalatamo munalembedwa tsiku la opaleshoni, mafupa amene anamangidwa, ndi mawu akuti titanium. Bambo anawerenga mawuwo kawiri, nauza Amayi kuti, "Mayi a ana, mwasunga khosi langa m'jumbo." Sabata lotsatira akulu a mpingo anabwera kudzapemphera nawo, ndipo Lachiwiri tinakwera minibasi ya ku Limbe.

Choopsa chenicheni chili pati?

Asanalowe, wojambula anawafunsa mafunso ambiri, ndipo tinadabwa kuti chitsulo cha m'khosi sichinamudetse nkhawa kwambiri atangoona kalata. Anakhalitsa pa mafunso ena. Kodi ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda? Kodi anaikidwapo kachipangizo komvetsera m'kati mwa khutu, kapena kopanira mtsempha wa magazi mu ubongo? Kodi anagwirapo ntchito yowotcherera kapena kupala zitsulo, kachidutswa n'kuwalowa m'diso? Funso lomalizali likukhudza abale athu ambiri a m'mafakitale a tiyi ndi m'magalaja. Kachidutswa kachitsulo kotsalira m'diso kangasunthe n'kuwononga diso, ndiye amene akukayika amayamba wajambulidwa X-ray.

Anatiuzanso kuti maginito a makinawo sazima ngakhale pamene sakujambula munthu. Makiyi, ndalama zachitsulo, foni, lamba, zopanira tsitsi ndi ndodo yachitsulo zonse zimatsala kunja. Mu 2001 ku New York mwana wa zaka 6 anamwalira botolo lachitsulo la okosijeni litakokedwa ndi makina n'kumumenya m'mutu. Msomali wodumpha umene Bambo anationetsa uja ndi ngozi yeniyeni, koma ndi ngozi ya zinthu zosamangika zimene munthu walowa nazo.

Bambo anagona m'makinawo pafupifupi theka la ola. Anawapatsa zotseka m'makutu chifukwa amasokosera ngati chigayo, ndi kabelu m'dzanja koti afinye akamva kutentha kapena mantha. Sanakafinye. Potuluka anati chovuta chinali chimodzi, kukhala osameza malovu pafupipafupi, chifukwa kugwedezeka kulikonse kumasokoneza chithunzi.

Nanga chithunzicho chinaoneka?

Mnansi wathu uja anali ndi theka la choonadi. Dokotala atatitembenuzira kompyuta, pamalo pa chitsulo panali chibanga chakuda, ndipo m'mbali mwake zinthu zinkaoneka zopindika, ngati nkhope ya munthu m'madzi ogwedezeka. Chitsulo chimasokoneza maginito pafupi nacho. Koma chibangacho chinali kutsogolo kwa khosi kumene kuli chitsulo, pamene mtsempha waukulu uli kumbuyo kwa mafupawo, ndipo unkaoneka. Titanium imadetsa chithunzi pang'ono poyerekeza ndi zitsulo zosachita dzimbiri zimene zinkagwiritsidwa ntchito kwambiri kale. Makina a mphamvu yochepa amachita chibanga chaching'ono kuposa a 3 tesla, ndipo ojambula ali ndi njira zosinthira kajambulidwe kuti chichepe, ngati auzidwiratu.

Vuto la Bambo silinali pomwe panamangidwa. Linali mmunsi mwake, pakati pa C6 ndi C7, pamene nkhata inafufuma n'kupanikiza nthambi yopita ku chala chapakati. Dokotala anati zimenezi zimachitika: mafupa awiri akalumikizidwa, oyandikana nawo amasenza ntchito yambiri, komanso ukalamba suima. Nkhani yabwino inali yakuti mtsempha waukulu sunapanikizike. Anatiuzanso kuti akadafuna kuona ngati fupa linalumikizana bwino kapena ngati msomali wakhwefuka, akadasankha X-ray kapena CT, pakuti chida chilichonse chili ndi ntchito yake. Bambo anapatsidwa mankhwala ndi masewera olimbitsa khosi, analetsedwa kusenza katundu pamutu, ndipo anauzidwa tsiku lobwereranso. Ululu wa usiku unatha. Dzanzi la kuchala lidakalipo pang'ono.

Chimene chimatiopsa tikaganiza n'chakuti chithunzicho chikadatha kuonetsa zina. Mtsempha waukulu ukapanikizika kwa nthawi yaitali umawonongeka, ndipo nthawi zambiri subwerera mwakale ngakhale opaleshoni ichitike. Munthu wokana kujambulidwa chifukwa cha mphekesera angataye manja ndi miyendo pamene akuganiza kuti akuteteza khosi. Choncho mukaona wina akugwetsa zinthu, akulephera kumanga mabatani, akuyenda modzandira, kapena akulephera kugwira mkodzo, musadikire malipiro a kumapeto kwa mwezi. Pitani naye kuchipatala msanga.

Ife a Adventist tinaphunzitsidwa kuti ndife adindo a matupi athu, ndipo timakonda kunena za chakudya chabwino, madzi, mpweya ndi kupuma. Mishoni ya Malamulo, imene mpingo wathu unayamba mu 1902, yatiphunzitsanso kuti pemphero ndi chipatala sizilimbana. Udindo umenewu ukuphatikizapo kusunga mapepala. Ngati m'nyumba mwanu muli wina amene akukachitidwa opaleshoni yoika chitsulo, pemphani adokotala alembe m'buku la kuchipatala mtundu wa chitsulocho, dzina la kampani yopanga ndi malo amene chaikidwa. Jambulani tsambalo pa foni, ndipo mwana mmodzi wa kutauni akhale nalo. Pokajambulidwa, nenani zonse, ngakhale ngozi ya zaka 30 zapitazo. Ngati muli ndi pakati kapena matenda a impso, nenaninso, chifukwa nthawi zina amabaya mankhwala owalitsa chithunzi amene sayenera aliyense. Ndipo wachikulire akamaopa, musamukalipire. Tengani funso lake, mupite nalo kwa amene angaliyankhe.